Mbiri ya Bwalo ndi Mau a Anthu Wamba Kumadzulo kwa Lilongwe

Munthu wochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji amadutsa pa Chitedze, pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete. Akapatukira kumpoto amafika ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Kasiya ndi ku Nambuma, kufupi ndi malire a boma la Dowa. Dera lonseli ndi lachidikha, nthaka yake ndi yakatondo, ndipo lidatchuka kalekale ndi chimanga, mtedza ndi fodya. Midzi yake ndi ya Achewa, pansi pa mafumu akuluakulu monga Kalolo, Kabudula, Khongoni, Malili ndi M'bwatalika. Mbiri ya dera limeneli imakambidwa kawirikawiri ngati mbiri ya ulimi. Koma pali mbiri inanso imene imayenda limodzi ndi imeneyi, ndiyo ya malo amene munthu wamba ankanenerapo zakukhosi kwake, ndi ya anthu amene ankayenera kumuyankha. Malo amenewa akhala akusinthasintha pa zaka zoposa 100, ndipo pa kusintha kulikonse anthu adapindulapo china nataya china.

Bwalo la makolo

Asanafike Azungu, nkhani zonse zazikulu za m'mudzi zinkakambidwa pabwalo, pansi pa mtengo wa kachere, wa mkuyu kapena wa mthundu. Amuna ankakhala mbali yawo, amayi mbali yawo, ndipo mfumu inkakhala pakati pa nduna zake. Wodandaula ankayamba kufotokoza, wonenedwa nayankha, ankhoswe ndi mboni naikapo mau awo. Pambuyo pake nkhaniyo inkaponyedwa kubwalo kuti wamkulu aliyense anenepo m'mene akuionera. Mfumu yanzeru inkalankhula pomalizira, itamva onse, chifukwa ikadayamba ndiyo kulankhula palibe akadalimba mtima kuitsutsa. Chigamulo chake kawirikawiri chinkangomanga pamodzi zimene bwalo lidagwirizana kale. N'chifukwa chake akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Wolankhula pabwalo ankadziwika nkhope, dzina ndi mfunda womwe. Akanena bodza, manyazi ake ankagwera mbumba yake yonse, ndipo ankatha kulipitsidwa nkhuku kapena mbuzi. Koma nayenso adali ndi pomwe ankadalira: wonenedwa ankayenera kuyankha, angakhale mbale wa mfumu, ndipo nkhani ikalephera kutha tsiku limenelo inkadikira tsiku lina, pakuti mlandu suola.

Komatu bwalo limeneli silidali la onse mofanana. Mkamwini, amene adasiya kwawo kudzakhala kwa mkazi wake, ankalankhula mosamala ngati mlendo. Mnyamata wosakwatira ankangomvetsera. Kapolo, m'masiku amene ukapolo udalipo, adalibe pakamwa. Amayi, ngakhale kuti mtundu ndi ufumu zimatsata iwo, kawirikawiri ankawalankhulira ndi alongo awo, eni mbumba. Mau a amayi ankalemera posankha mfumu ndi pachinamwali, kumene anamkungwi adali ndi ulamuliro, koma pamilandu ya tsiku ndi tsiku ankamveka mochepa.

Tsono amene adalibe mpata pabwalo adali ndi njira zina. Pamtondo, mayi wosauka mtima ankapeka nyimbo yodandaula za mwamuna wouma manja kapena za mpongozi wolongolola, osatchula dzina. Anzake ankavomereza, misi ikugunda, ndipo mudzi wonse unkamva nudziwa mwini nkhani, koma palibe amene akadamuimba mayiyo mlandu chifukwa cha nyimbo. Kugule wamkulu nakonso, zilombo zinkanyodola mbava, waulesi, wachiwerewere, ndipo pambuyo pake ngakhale Mzungu ndi mtengamsonkho. Mwambo umati chilombo si munthu, motero sichingaitanidwe kubwalo. Pamaliro, adzukulu adali ndi ufulu woseleula anamfedwa ndi kunena zimene wina aliyense sakadanena.

Chomwecho mudzi wa Achewa udali ndi mau a mitundu iwiri. Padali mau oonekera nkhope, amene ankafuna umboni ndi yankho, nathera pa chigamulo. Padalinso mau obisala m'nyimbo ndi m'chigoba, amene ankachititsa manyazi ndi kuchenjeza, koma sakadalipitsa munthu kapena kumusamutsa pamudzi. Makolo adalola mitundu yonse iwiri, koma adasamala kuti isasokonezane.

Nkhani zisamukira ku Zomba

Dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo pofika mu 1904 pa Lilongwe padali pataimikidwa boma. Lamulo la 1912 lidasankha mafumu ena kuti azithandiza Bwana D.C., ndipo malamulo a 1933 adawapatsa makhoti ndi mphamvu zopanga timalamulo ta m'madera mwawo. Bwalo lidapitirira kuweruza milandu ya maukwati, ya malire a minda ndi ya mbuzi zodya chimanga cha eni. Koma nkhani zimene zinkawawa anthu kwambiri, monga msonkho ndi mitengo ya mbewu, zinkagamulidwa ku Zomba, kumene kudalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe m'Nyumba ya Malamulo kufikira 1949. Anthu ankatha kudandaula pabwalo tsiku lonse, koma woyenera kuyankha adali kutali, ndipo chilankhulo chawo sankachimva.

Pa nthawi yomweyo amishoni adabweretsa chida chatsopano. Ansembe a chipani cha White Fathers adakhazikika pa Likuni mu 1903, natsegula Nambuma mu 1928. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, amene adayamba pa Mvera mu 1889 ndi pa Nkhoma mu 1896, adadzaza sukulu za m'midzi m'chigawo chonse, ndipo mu 1909 adayamba kusindikiza kabuku ka nkhani kotchedwa Mthenga. Mkangano pakati pa sukulu ndi dambwe udali waukulu, makamaka m'zaka za m'ma 1920, ndipo midzi ina idagawanika pawiri. Koma mwana amene adapirira kusukulu adatulukako ndi luso lolemba kalata. Kwa nthawi yoyamba maganizo a munthu adatha kuyenda ulendo wautali mwini wake ali pakhomo.

Nkhani imene idayesa mphamvu ya kalata idali ya fodya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, Azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, adatsegula munda pa Mbabzi nayamba kugawira anthu a m'midzi mbande za fodya wochiza ndi utsi, kuti akakolola azidzagula iwowo. Ulimiwu udafala msanga, kotero kuti pofika mu 1935 alimi olembedwa m'Chigawo cha Pakati adali pafupifupi 30,000, ndipo gawo lalikulu la fodya wa dziko lonse linkachokera kwa iwo. Mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwu. Bungweli linkadula msonkho pa fodya wa alimi, linkalamula kukula kwa munda, makapitao ake ankazula fodya amene ankamuona ngati wosayenera, ndipo lidachepetsa misika kotero kuti anthu ankasenza mitolo mtunda wautali. Barron, amene adali wogula, adali ndi mpando m'bungwemo. Mlimi, mwini thukuta, adalibe.

Mu 1927 anthu ophunzira, akalaliki, aphunzitsi ndi eni timasitolo, adayambitsa bungwe la Central Province Native Association pa Lilongwe, potsanzira mabungwe otere amene adayamba kumpoto mu 1912. Mmodzi mwa atsogoleri ake adali George Simeon Mwase. Ankakumana, nakambirana za mitengo ya fodya, za misika ndi za sukulu, nalemba zogwirizana zawo m'Chingerezi chaulemu kupita kwa akuluakulu a boma. Mayankho ankachedwa, ndipo akabwera kawirikawiri adali okana. Mafumu atapatsidwa mphamvu mu 1933, boma lidayamba kuuza mabungwe otere kuti madandaulo awo azidzera kwa mafumuwo. Kalata idafikadi ku Zomba, koma mosiyana ndi pabwalo, padalibe mwambo wokakamiza wolandira kuti ayankhe.

Mu 1937 mitengo ya fodya idagwa kwambiri, ndipo madzi adafika m'khosi. M'misika mudabuka chipolowe, ndipo nyengo yotsatira alimi ambiri adaleka kulima fodya. Apa mpomwe boma lidatekeseka. Kuyambira mu 1938 kagulidwe kadasintha: bungwe lija lidayamba kugula lokha fodya wa alimi a m'midzi ndi kukamugulitsa ku okushoni imene idatsegulidwa ku Limbe chaka chomwecho. Kusinthaku sikudalemeretse mlimi, pakuti phindu lalikulu linkatsalira bungwelo. Koma phunziro limene anthu adatolapo lidali loopsa: zimene makalata a zaka 10 adalephera, mkwiyo wa pamsika udazichita pa nyengo imodzi.

Nyuzipepala, wailesi ndi mphekesera

Mabungwe a m'zigawo aja adalumikizana mu 1944 napanga Nyasaland African Congress, motsogozedwa ndi Levi Mumba. Mu 1950 utsogoleri wake udapita kwa James Ralph Chinyama, mlimi ndi wamalonda wa ku Lilongwe, amene adadziwika poyamba polankhulira alimi a fodya. Zaka zimenezi zidali zowawa. Njala ya 1949 idali isanaiwalike, malamulo a malimidwe ankakakamiza anthu kuunda mizere ndi migula moopsezedwa ndi chindapusa kapena ndende, ndipo mu 1953 Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa ngakhale mafumu ndi anthu adachikana poyera.

M'nyengo imeneyi nyuzipepala za m'chilankhulo cha anthu zidachuluka. Padali Msimbi, imene boma linkaithandiza. Padali The African, imene ansembe adayamba kusindikiza pa Likuni mu 1950 ndipo pambuyo pake idadzatchedwa Odini. Padalinso ina imene dzina lake lenileni lidali Bwalo la Nyasaland. Dzinali likuonetsa kuti eni ake adadziwa chimene owerenga ankalakalaka. Mphunzitsi wa ku Nambuma kapena kalaliki wa pa Namitete ankatha kulemba kalata kwa mkonzi, ndipo ikasindikizidwa inkawerengedwa mokweza pakhonde la sitolo, osaphunzira akumvetsera. Koma mkonzi ndiye ankasankha kalata yotuluka ndi yotayidwa, ndipo ambiri mwa eni nyuzipepalazo sankafuna kulimbana ndi boma.

Wailesi nayo idafika m'zaka zomwezo. Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka, yotchedwa Central African Broadcasting Station, inkaulutsa m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina. Mu 1949 padatuluka wailesi yotsika mtengo ya mabatire, Saucepan Special, imene inkaoneka ngati poto wophikira ndipo inkagulidwa mapaundi 5. Anthu adakonda nyimbo za Alick Nkhata ndi mapologalamu a moni, amene ankalumikiza mabanja ndi abale awo okagwira ntchito ku Harare ndi ku migodi. Koma Chitaganya chitayandikira, anthu adayamba kuiona wailesiyo ngati pakamwa pa Azungu. Ku Northern Rhodesia kudafala mphekesera yoti aulutsi akuda ndi anthu opopa magazi, ndipo ena a iwo adakhala mwamantha. Pamene anthu asiya kukhulupirira mau ochokera kumwamba, ndipo alibe bwalo lofunsirapo, manong'onong'o amatenga malo a nkhani.

Dr. Hastings Kamuzu Banda adabwerera kumudzi pa 6 Julaye 1958, ndipo misonkhano ya Congress idasanduka mabwalo aakulu amene midzi inkakhamukirako. Pa 3 Malichi 1959 boma lidamanga iye pamodzi ndi otsatira ake ambiri, niletsa Congress. Koma mau adali atatuluka kale. Chisankho cha mu Ogasiti 1961 chidapereka mphamvu kwa Malawi Congress Party, ndipo pa 6 Julaye 1964 dziko lidalandira ufulu wodzilamulira.

Zaka za chipani chimodzi

Ufulu udabweretsa zambiri zooneka ndi maso kumadzulo kwa Lilongwe. Mu 1968 idayamba ntchito yaikulu ya Lilongwe Land Development Programme, ndi ngongole ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Miseu ya m'midzi idalambulidwa, mijigo idakumbidwa, misika idamangidwa, ndipo alimi adayamba kulandira feteleza ndi mbewu pangongole. Minda idayezedwa ndi kulembedwa m'kaundula monga malo a banja, mwa dongosolo limene anthu adalitcha ndunda. Ntchito yoika malireyi idafuna misonkhano yambiri ya mafumu ndi eni mbumba, ndipo funso loti dzina la yani lilembedwe m'malo mwa banja lonse lidadzetsa mikangano imene ina idatenga zaka. Mu 1975 likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe, ndipo Zomba uja adafika pakhomo.

Wailesi ya Malawi Broadcasting Corporation idayamba mu 1964. Kuyambira mu 1966 alangizi a zaulimi adakhazikitsa magulu a alimi omvera wailesi pamodzi: ankasonkhana pa tsiku loikika, namvera phunziro, nakambirana, mlangizi nalemba mafunso awo. Pologalamu ina yotchuka inkatchedwa Bwalo la Alimi. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, motero munthu wa kwa Kabudula ankamva chilankhulo cha kwawo pa wailesi tsiku ndi tsiku. Pa nkhani ya kabzalidwe ka chimanga, ya matenda a nkhuku kapena ya moni kwa abale, munthu ankalemba kalata nayankhidwa.

Koma padali malire amene aliyense ankawadziwa. Dziko lidakhala la chipani chimodzi mu 1966, mu 1968 padaikidwa lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi zisudzo, ndipo mu 1971 Dr. Banda adakhala Pulezidenti wamuyaya. Ngodya zinayi za chipani zidali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mlimi ankadziwa kuti ADMARC, imene idalowa m'malo mwa mabungwe akale ogula mbewu mu 1971, inkamugula fodya ndi mtedza pa mtengo wotsika, ndiponso kuti lamulo linkamuletsa kulima fodya wa bale, amene adasiyidwira eni maesiteti kufikira 1990. Koma nkhani zoterezi sizinkanenedwa pamsonkhano. Achinyamata a chipani ankaima pazipata za misika kufunsa makadi. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula makadiwo, mpingo wawo udaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi zambiri za iwo zidathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia. Mayina a Dzaleka ndi Mikuyu, kumene anthu ankasungidwa popanda kuzengedwa mlandu, ankatchulidwa monong'ona.

Ngakhale bwalo lenilenilo lidasinthidwa ntchito. Kuyambira mu 1969 makhoti a mafumu a m'zigawo adapatsidwa mphamvu zoweruza milandu yakupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma, popanda maloya. Khoti lotere ndilo lidagamula mu 1983 kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe, chilango chimene chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Maonekedwe adali a bwalo la makolo, koma mwambo uja wakuti wamkulu alankhule pomalizira, atamva onse, udali utatembenuzidwa. Anthu adabwerera ku njira zakale za mau obisika: miyambi, nthabwala za pamowa ndi nyimbo za matanthauzo awiri. Mtondo nawo udayamba kuchepa m'midzi pamene zigayo zinkachuluka, ndipo nyimbo zambiri za amayi zidasanduka zotamanda pamisonkhano.

Pakamwa patseguka

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi a mpingowo m'dziko lonse, kuphatikizapo a ku Likuni, Namitete ndi Nambuma. Idanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kumanga anthu popanda mlandu, ndi za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Zambiri mwa zimenezi anthu ankazidziwa kale. Chachilendo chidali chakuti zidanenedwa masana, ndi anthu amene adasaina mayina awo. Boma lidaitcha kalatayo youkira, koma idakopedwa ndi kufalikira ponseponse. Pa 6 Epulo chaka chomwecho Chakufwa Chihana adamangidwa pabwalo la ndege la Kamuzu atangotsika kudzaitanitsa ndale za zipani zambiri.

Pa 14 Juni 1993 anthu adafunsidwa maganizo awo pa riferendamu, kusankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi. M'dziko lonse oposa 63 pa 100 alionse adasankha nyali. Koma m'Chigawo cha Pakati pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha tambala, ndipo midzi ya Lilongwe idali pakati pa amenewa. Ichi sichiyenera kubisidwa kapena kupeputsidwa. Ena adavota mwamantha, koma ambiri adakumbukira miseu, mijigo, ngongole za feteleza ndi ulemu umene chilankhulo chawo chidalandira. Amenewonso adali maganizo, ndipo ubwino wa tsikulo udali wakuti wogonja adawerengedwa, osamangidwa. Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chidaika Bakili Muluzi pampando, ndipo malamulo atsopano oyendetsera dziko, m'ndime 34, 35 ndi 36, adatsimikiza ufulu wokhala ndi maganizo, wolankhula ndi wofalitsa nkhani.

Kuchokera pamenepo malo olankhulira adachuluka. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidatsegula njira ya makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, m'mene amayi ndi achinyamata adapeza mipando. Nyumba zoulutsira mau za anthu wamba ndi za mipingo zidatsegulidwa, monga Radio Alinafe ya Akatolika a ku Lilongwe ndi Zodiak, imene idayamba mu 2005. Pa M.B.C. pologalamu ya Nkhani za m'Maboma, imene idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, idakopa omvera ochuluka zedi. Nkhani zake zambiri zinkachokera kwa omvera eniake: za mfumu ina yogulitsa malo a amasiye, za mphunzitsi wina wochimwitsa mwana wa sukulu, za bwana wina womana antchito malipiro. Kawirikawiri dzina silinkatchulidwa, koma dera linkatchulidwa. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Harri Englund, adalemba buku lonse za pologalamuyi mu 2011, naonetsa kuti omvera ankaikonda chifukwa inkakumbutsa anthu a maudindo za mangawa awo kwa anthu amene ali pansi pawo. Imeneyi idali nyimbo ya pamtondo itakwera pa wailesi.

Kenaka idafika foni ya m'manja. Kampani ya TNM idayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel, imene pambuyo pake idadzakhala Airtel, idatsatira mu 1999, ndipo m'zaka zotsatira nsanja zidamera mpaka ku Nsaru ndi ku Kasiya. Mlimi adayamba kuimba foni ku wailesi nalankhula yekha dziko lonse likumva. WhatsApp ndi Facebook zitafala, mkonzi uja wosankha makalata adachoka pakati. Mkamwini, mnyamata ndi mayi, amene pabwalo lakale ankakhala chete, tsopano adatha kunena maganizo awo kwa anthu mazana nthawi imodzi. Limeneli ndi phindu lalikulu limene makolo sadalione. Koma pafoni munthu akhoza kuvala chigoba tsiku lililonse, popanda dambwe lomulangiza kapena namkungwi womuletsa, ndipo uthenga umafika kutali mwini wake osadziwika. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena akumwera. Mau obisika, amene kale ankangochititsa manyazi, adaweruza ndi kupha.

Phunziro la pa Msundwe

Mitundu iwiri ya mau ija idaonekera poyera m'dera lomweli pambuyo pa chisankho cha mu Meyi 2019. Anthu ambiri a kumadzulo kwa Lilongwe adakana zotsatira zake, ndipo achinyamata a pa Msundwe adatchuka pa zionetsero za chaka chimenecho. Pa 8 Okutobala 2019 anthu adatseka mseu wa ku Mchinji pofuna kuletsa otsatira chipani cholamula kupita ku msonkhano mumzinda, ndipo pa chipwirikiticho wapolisi wina adaphedwa ndi miyala. Apolisi atabwerera kuderalo, amayi ndi atsikana a pa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu adadandaula kuti adagwiriridwa ndi kuchitidwa zamanyazi m'nyumba zawo.

Amayi amenewa akadatha kukhala chete, monga adachitira ambiri m'mibadwo yapita. M'malo mwake adafotokoza zimene zidawachitikira kwa bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene lidatulutsa lipoti lake mu Disembala 2019, ndipo mothandizidwa ndi bungwe la maloya aakazi adakasuma ku Khoti Lalikulu. Mu Ogasiti 2020 khotilo lidagamula kuti boma lipereke chipepeso kwa amayi ndi atsikana 18, ngakhale kuti nkhani yozenga mlandu ochimwawo idatsalira m'mbuyo. Mlandu wa chisankho nawo udathera kukhoti: pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti atamva mboni kwa miyezi ingapo, ndipo pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 adapambana Lazarus Chakwera, amene adali phungu wa dera la kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe.

Miyala ya pamseu idasiya maliro ndi misozi mbali zonse ziwiri. Chimene chidabweretsa yankho chidali umboni woperekedwa ndi anthu odziwika, pamaso pa woweruza amene adayenera kumva onse asanalankhule. Izi sizikutanthauza kuti mkwiyo wa anthu udalibe chifukwa. Monga mu 1937, udabadwa pamene odandaula adaona kuti palibe wowamvera. Akuluakulu adati chetechete sautsa nyama, ndipo mbiri ya dera lino ikuvomereza. Koma ikuonetsanso kuti kulankhula kokha sikukwanira ngati palibe wokakamizidwa kuyankha.

Mabwalo a mafumu akadalipo kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni, ndipo akadali kuweruza nkhani za minda ndi za mabanja. Pambali pake pali makomiti a chitukuko, makalabu a alimi, magulu a banki m'khonde, mawailesi ndi mafoni. Munthu wa m'midzi imeneyi sadakhalepo ndi malo ochuluka chotere onenerapo maganizo ake. Funso limene latsala ndi lomwe lija makolo adaliyankha pansi pa kachere: kodi wonena ali wokonzeka kuimirira ndi kutchula dzina lake pamene akuneneza mnzake, ndipo kodi phungu, khansala, mfumu ndi wogula fodya adzabwera kudzakhala pansi ndi kuyankha? Pamene ziwirizi zilipo, pamenepo pali bwalo, kaya ndi pansi pa mtengo, kaya m'chipinda cha sukulu, kaya pa wailesi.